Jasimi wa Amama ndi Mwala wa Ukonde

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinadana ndi chitsamba, ndipo ndikati kudana ndikunena chidani chenicheni, chija munthu umadutsa pafupi n'kulavula. Chinali kuseri kwa nyumba yathu, m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Kobwe. Chinkalekeza pachifuwa cha munthu wamkulu, masamba ake obiriwira chaka chonse, onyezimira ngati wina wawapaka mafuta. Maluwa ake anali oyera, okhuthala, ndipo pakapita masiku angapo ankasanduka achikasu. Tinkachitcha jasimi. Chikachita maluwa fungo lake linkaposa ngakhale la usipa wa pathandala, ndipo amene anakhalako kunyanja akudziwa kuti kuposa usipa si nkhani yamasewera.

Amama anabwera naye jasimiyo kuchokera kwawo ku Msumba pamene ankakwatiwa, ali kamtengo kakang'ono m'chitini. M'mudzi monse anthu anali ndi mango, mandimu ndi nthochi, zinthu zoti mwana akalira um'thyolere. Chitsamba chosadyedwa chinali pathu pokha. Akazi anzawo ankawaseka kuti, "Nanga ndiwo zake mumathyola liti?" Amama anali munthu wosalankhulalankhula, koma akanena kuti ayi, ngakhale uwaitanire ansembe, ayi wawoyo sankasuntha.

Wosamala chitsambacho anali achimwene anga a Banaba. Anachikonda kuyambira ali kamnyamata, moti ankapita kokakoka ukonde atatsomeka duwa kukhutu, anzawo akuwanena kuti mkwatibwi wafika. Nkhondo itafika kumapiri a kumtunda kwathu, masitolo anauma, ndipo anyamata ankasenza nsomba zouma kukasinthitsa ndi chimanga kwa alimi a kumtundako. Ulendo wina a Banaba anapita ndi anzawo. Anzawowo anabwerera akuthamanga, opanda nsomba, opanda chimanga, akuti anakumana ndi anthu amfuti ndipo aliyense analowera kwake. A Banaba sanabwere. Maliro sitinalire poti palibe anaona mtembo, komanso uthenga sunabwere. Chitini chawo chothirira chinatsala chikolekere pampanda wa bango, ndipo m'mawa wina amama anachichotsa n'kundipatsa ine.

Tsono mumve ntchito yake. Nyanja inali pamphuno pathu, moti mafunde tinkawamva tili pamphasa. Koma jasimi wa amama sankamwa madzi a m'nyanja. Ati amamuchititsa masamba achikasu. Ankafuna a mvula, ndipo m'chilimwe a kukasupe, m'tsinde mwa phiri, njira yomweyo imene aliyense ankaiopa. Ine mwana wa msodzi, kusiya nyanja yonse ija kumbuyo n'kumakwera chitunda ndi mtsuko chifukwa cha duwa. Ndinkakwera ndikutukwana chamumtima, makutu ali tcheru, ndipo buluzi akangogwedeza udzu mtima unkachita ngati utuluka pakamwa.

Sizinathere pamenepo. Sopo anasowa, tinkachapa ndi madzi a phulusa, ndipo madzi amenewo akangodonthera pafupi ndi jasimi, tsiku limenelo ndinkaona zakuda. Phulusa lomwe aliyense ankawaza m'mbewu zake pothamangitsa nyerere, kwa bwana ameneyu linali poizoni. Ndiye nyerere zinkakwera mwaufulu, zikuweta tinsabwe tomwe tinkamata kunsi kwa masamba n'kuwadetsa ngati mwaye, ine n'kumapukuta tsamba limodzilimodzi ndi kansanza konyowa. Mchenga wathu ankaukana. Dothi lake linali lakuda, lokatapa pansi pa mkuyu, losakaniza ndi masamba owola. Pamwamba pa zonsezi panali mbuzi za Abiti Amadu, mnansi wathu, mayi wachisilamu wogulitsa usipa, wapakamwa pakuthwa, amene chaka ndi chaka ankakangana ndi amama pa nkhani ya mbuzizo. Zikaboola mpanda n'kubudula nsonga, wolakwa ndinali ine.

Chaka chimenecho mudzi unayamba kutha. Aphunzitsi athu, amene tinkawatcha apulofesoli, anachoka osatsanzika, ndipo m'kalasi munayamba kugona mbuzi. Mabanja ankalowa m'mabwato ndi mphasa ndi nkhuku zawo kuwolokera ku Likoma, chilumba cha ku Malawi chomwe tinkachiona patsogolo pathu tsiku lililonse. Mbale wawo wa ababa anali atatisungira malo kumeneko. Anzanga onse omwe ndinkasewera nawo fulaye anali atawoloka, ndipo ine ndinkafunitsitsa kupita, kwinaku ndikuopa kunena.

"Chakudza sichiimba ng'oma," anatero ababa tsiku lina akusoka ukonde pakhonde. "Amake Banaba, tiyeni tiwoloke ana akadali amoyo."

"Jasimi sindimusiya," anayankha amama.

"Ndiye timukumbe."

"Wakalamba. Mukamukumba afa. Mwana wake akamera mizu m'chitini, ndikwera bwato tsiku lomwelo."

Ababa anasiya kusoka, nawayang'ana nthawi yaitali. "Mwera ukayamba, bwato langali silingawoloke ndi ana. Ukamayandikira, ine nditenga Monika ndi mng'ono wakeyu, inu mutsale ndi duwa lanulo."

Monika ndine. Ababa sanakweze mawu, ndipo n'chifukwa chake ndinadziwa kuti sakuopseza. Tinali chakumapeto kwa chilimwe, ndipo mwera, mphepo ija imautsa mafunde aakulu, umayamba mvula ikatha. Ndinaona ndekha mmene nkhani inaimira. Ndinali ndi dzinja limodzi loti kamtengo kamere mizu, apo ayi ndidzakwera bwato n'kusiya amama okha m'mudzi wankhondo.

Ndinayamba ndi phuma. Ndinadula nthambi zanthete, kuzizika m'zitini za dothi lakuda, n'kuziika padzuwa kuti zikule msanga. Pofika madzulo zonse zinali zitazyolika. Amama anangoti, "Padzuwa?" n'kudutsa. Ndinadula zina zokhwimirako, kupulula masamba a m'munsi, n'kuziika pamthunzi wa khonde la kuseri. Zimenezi zinakhala zobiriwira kwa kanthawi, mtima wanga n'kukhala m'malo. Kenako kunsi kwake kunayamba kuda, masamba n'kumayoyoka limodzilimodzi mpaka kutsala timitengo tokhatokha. Ndinataya, ndinatapa dothi lina, ndinadulanso.

Otsala m'mudzi onse anasanduka akatswiri. Wina anati ndithire madzi otsukira nsomba. Ndinathira, ndipo agalu anabwera kudzafukula, kutacha zitini zili mbwee pabwalo. Wina anati ndizidula mwezi ukangokhala kumene. Wina anati ndipake ndowe kunsi. Gogo wina wachimuna anati uchi ndiye mankhwala ake, uchi m'chaka chomwe mchere weniweniwo tinkachita kuuona kutulo. Ndinayesa zonse zomwe zinkatheka, ndipo zonse zinafa imfa imodzimodzi. Mayi wina kuchitsime ananena poyera kuti mwana ameneyu ali ndi dzanja lotentha, chilichonse angabzale chipsa. Anzake anaseka. Ine ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumayang'ana manja anga ndikulira.

Mvula inagwa, maulendo a kukasupe anachepa poti ndinkatchera madzi a padenga. Ndinavundikira zitini ndi dengu lakale kuti chinyontho chisathawe, ndinati tsopano zitheka basi. Zinafanso. Chomwe chinkandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti chitsamba chachikulucho nthawi yomweyo chinali mbee ndi maluwa, chikununkhira bwalo lonse ngati m'dziko muli mtendere. Tsiku lina ndinaima pafupi nacho ndi beseni la madzi a phulusa omwe ndinachapira zovala. Ndinaganiza kuti chikafa, amama sakhalanso ndi chowatsalitsa. Chinandiletsa si chifundo ayi, koma kuganizira nkhope yomwe amama akanachita. Ndinakataya madziwo kudzala ndikunyinyirika.

M'mawa wina ndinanyamuka kukavuula chinangwa chomwe tinanyika, n'kuiwala nkhata. Pobwerera kudzaitenga ndinazungulira kuseri, ndipo ndinapeza amama atanyonyomala pa zitini zanga, dengu lili pambali. Ankazula kamtengo kamodzikamodzi, kukayang'ana kunsi, kukasisita ndi chala chachikulu, n'kukabwezera m'dothi, n'kutsendera bwinobwino kuti pasaoneke.

"Amama, mukutani?"

Sanadzidzimuke n'komwe. "Ndikuona ngati tamera."

"Mumatero tsiku lililonse?"

"Pita ukavuule chinangwa, dzuwa lakwera."

Ndinatola nkhata yanga, koma kunyanja sindinafike. Miyezi yonse ija, mitsuko yonse ija, agalu aja, dzanja lotentha lija, pamene wondiphera mbewu ndinkadya naye mbale imodzi. Kuwayankha sindikanatha, poti kwathu mwana sabwezera mawu kwa make. Ndiye mkwiyo unagwera mbuzi za Abiti Amadu zomwe ndinazipeza zikununkhiza mpanda. Ndinazigenda ndi chilichonse chomwe dzanja linagwira, mpaka mwini wake anatuluka atagwira m'chiuno.

"Iwe mwana wa amake Banaba, mbuzi zanga zakudyera chiyani lero?"

Ndinkayembekeza kutukwanidwa, koma m'malo mothawa ndinangoyamba kulira, n'kuwakhuthulira zonse: za bwato, za mwera, za zitini. Pomaliza ndinati, "Amama sadziwa kuti akamazula mizu imafa."

Abiti Amadu anaseka mpaka kutsokomola. "Sadziwa? Munthu anachokera nacho ku Msumba pabwato, n'kufika nacho chamoyo, ndiye asadziwe? Amako amadziwa za mbewu kuposa mudzi wonse uno."

"Nanga akuchitiranji?"

"Sunaone komwe amayang'ana akamasinja? Mtondo anauchotsa pamthunzi n'kuuika poonekera njira ya kuphiri. Ukuganiza akuyang'ana anyani?"

Ndinali nditaona, koma sindinaziike pamodzi. Komabe kumvetsa sikunandiziziritse mtima. Ndinawapempha kuti apite akalankhule nawo, awauze kuti akutiphetsa tonse chifukwa cha munthu amene sitikudziwa ngati ali moyo.

"Ine ndi amako timakangana za mbuzi, ndipo zimenezo zimatikwanira," anatero. "Tiye kuno."

Ananditengera kuseri kwa nyumba yawo komwe kunali chitsamba cha hina, chija masamba ake akazi achisilamu amasinja n'kupaka m'manja paukwati. Anagwira nthambi ya m'munsi, yaitali, yofewa. Anaipala khungwa pang'ono chakunsi ndi mpeni wotumbulira nsomba, anaiweramitsa mpaka popalapo panagunda pansi, anaipanikiza ndi kamphanda, anakwirira ndi dothi kusiya nsonga yokha panja, n'kusanjika mwala pamwamba.

"Vuto lako umadula," anatero akupukuta mpeni pachitenje. "Chodula chilibe mwini, aliyense azula. Iyi usaidule. Make aziiyamwitsa mpaka ipeze mizu yakeyake. Ukatero uiwale. Ukamafukula kuti uone, ndiye kuti ndiwe amako."

Tsiku lomwelo amama atapita kumunda, ndinakwawira pakati pa jasimi ndi mpanda, malo omwe ndinkati safikako munthu. Ndinasankha nthambi, ndinapala, ndinaweramitsa, ndinakwirira. Mwala ndinatenga umodzi mwa ija ababa ankamangirira kunsi kwa ukonde kuti uzimira, wosalala, wokhala ndi mzere wa chingwe pakati. Ndipo kuti amama asakaikire, ndinapitiriza kudula timitengo n'kumazika m'zitini, ndikudziwa bwino kuti ndikuwakonzera zoti azizula. Iwo ankazula m'mawa, ine ndinkazika madzulo. Tinkapatsirana madzi osamba m'manja, tinkadya limodzi kondowole, osatchulapo kanthu.

Kudikira kumeneko kunandiwawa kuposa mitsuko ya kukasupe. Manja ankandiyabwa. Ndinkakwawira kumpanda kuja n'kumangoyang'ana mwalawo, chala chikufuna kukanda pambali pang'ono pokha, ndione ngati pali kanthu. Nsonga ija sinkakula, sinkafotanso, inangokhala ngati ikundiyesa dala. Ndinkaiuza chamumtima kuti iwe, anthu akufa kunja kuno, fulumira. Pena ndinkapita kwa Abiti Amadu kukafunsa kuti kodi zimatenga nthawi yaitali bwanji, iwo n'kumati, "Ndine mzamba wa mitengo ine? Choka, ukundiimira padzuwa usipa wanga."

Nkhondo nayo sinkadikira. Tinamva kuti mudzi wina kummwera autentha, ndipo anthu ake anadutsa kwathu ndi akatundu pamutu, ana atatupa mapazi. Masiku ena mfuti zikamveka kuphiri tinkathawira m'bango, madzi akutilekeza m'mawondo, misundu ikutimata. Ababa anakokera bwato kumtunda n'kuyamba kulimata m'ming'alu ndi phula ndi tizitini tophwanya. Ankagwira ntchitoyo pamaso pa amama, akugogoda mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira. Ine ndinkaima pakati pawo ngati nkhuku yonyowa, wina ndikumukwiyira chifukwa cha liuma, wina chifukwa choti angathe kusiya mkazi wake.

Chakumapeto kwa dzinja mvula inadula, dzuwa linaswa mtengo, ndipo nthawi yomweyo malungo anandigwetsa. Ndinagona masiku ambiri, mutu ukulemera, pakamwa pakuwawa. Koma chomwe chinkandivutitsa pamphasapo si malungowo ayi. Ndinkaona dothi la pansi pa mwala likuuma, likung'aluka, timizu tikupsa, ndipo panalibe woti ndimutume poti chinsinsicho chinali changa. Mng'ono wanga anali wamng'ono kwambiri, akanakafuula pabwalo. Tsiku lomwe ndinadzuka ndinapita kumpanda ndikudzandira. Dothi linali lonyowa, pamwamba pake atawazapo masamba owola, ndipo kunsonga kunali timasamba tatsopano tobiriwira mopyapyala. Ndinaganiza kuti wathirira ndi Abiti Amadu, ndipo ndinalumbira kuti mbuzi zawo sindidzazigendanso.

Pasanapite nthawi m'mawa munayamba kuzizira, ndipo kamphepo kanayamba kuchokera kummwera. Ababa anaima pagombe, anayang'ana nyanja, anabwera kunyumba n'kunena kuti, "Mawa kukacha tikuwoloka."

"M'zitini mulibe mizu," anatero amama osatukula mutu pa lichero.

"Ndinanena kale, amake Banaba. Monika, manga zovala zako ndi za mng'ono wako."

Sindinamange. Ndinachita chinthu chomwe ndinali ndisanachitepo: ndinagwira amama chitenje n'kuwakoka. Anadabwa, koma ananditsata mpaka kuseri. Ndinakwawa, ndinachotsa mwala, ndinayamba kukanda dothi ndi zala, ngakhale ineyo ndinali ndisanaone. Pansi pa kamphanda panali mizu yoyera, yambiri, yolukana ngati ulusi wa ukonde, itagwira dothi mwamphamvu.

"Mwana wake uyu," ndinatero. "Munalonjeza."

Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndinene akakana. Ndinali wokonzeka kuulula za zitini pamaso pa ababa. Amama ananyonyomala, anayang'ana mizuyo nthawi yaitali, kenako anati, "Mwala unauika pakhosi penipeni, ukanaithyola. Ndinausuntha."

Ndinawayang'ana, iwo n'kupitiriza.

"Ndipo pamwamba umawaza masamba owola, osangosiya dothi lokhalokha padzuwa."

"Munkadziwa?"

"Ndimasesa kuno tsiku lililonse, Monika."

"Ndiye munathirira ndinu? Nanga bwanji simunaizule ngati zinazo?"

"Ndikanaizula bwanji ili pa make?" anatero motsitsa mawu.

Ndinathamanga kukatenga mpeni, ndikuopa kuti angasinthe maganizo. Nditati ndidule, anandigwira dzanja. "Bweretsa kuno." Ndinawapatsa. Anaugwira mpeniwo osachita kanthu, maso ali kunjira ya kuphiri, nthawi yaitali moti miyendo inandichita dzanzi. Ndinkafuna kukuwa kuti dulani, koma ndinaluma mlomo. Kenako anawerama n'kudula kamodzi. Anamata dothi lonyowa pabala la chitsamba chachikulu, anakumba kamwanako ndi chibuma chake chonse, anakhuthula chimodzi mwa zitini zanga n'kukaikamo. Atatero anatenga chitini chothirira cha a Banaba, anachitsuka, n'kuchikoleka pampanda, pamalo pomwe chinkakhala kale.

"Akabwera athirire," anatero. Ndiyeno analowa m'nyumba kukamanga mphasa.

Tinawoloka m'mawa nyanja ili bata. Ababa ankapalasa, ndipo ndinawaona akupukuta m'maso ndi phewa. Amama anakhala chofulatira Likoma, kuyang'ana kwathu, chitini chili pamiyendo atachiphimba ndi chitenje kuti madzi a m'nyanja asathovukire. Mwera unayamba patangopita masiku ochepa. M'nyengo yozizira yomweyo anthu amfuti analowa m'mudzi mwathu n'kutentha nyumba, yathu pamodzi. Abiti Amadu anapulumuka, anawoloka ndi mbuzi zomwe zinatsala, ndipo ku Likoma mkangano wawo ndi amama unapitirira pomwe unalekera, poti mbuzizo zinamupeza jasimi wamng'ono uja mwezi usanathe.

Nkhondo itatha tinabwerera kukaona, ine ndili kale ntchembere. Panyumba pathu panali chulu cha dothi chomera udzu. Koma jasimi analipo, wamtali kuposa ine, masamba ena achikasu, nyerere zili yakaliyakali, nthambi zake za m'munsi zitagwa zokha pansi n'kumera mizu kuzungulira make. Zaka zonsezo palibe anamutungira madzi a kukasupe, palibe anamupukuta ndi kansanza. Ndinapsanso mtima ngati mwana. Ndinati, "Amama, ndiye maulendo onse aja a kuphiri anali a chiyani?" Anaseka, kuseka komwe ndinali ndisanakumve kuyambira tsiku lomwe achimwene anasowa. Chitini chija tinachipeza pansi pomwe panali mpanda, chitadyedwa ndi dzimbiri. Palibe anachikhudza. A Banaba sanabwere, ndipo mpaka lero sitidziwa komwe anagona.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati ya mmene ndinawachenjerera amama. Lero ndaposa msinkhu womwe iwo anali nawo nthawi ija, ndabereka, ndipo ndikudziwa mmene khutu la mayi limakhalira mwana akachedwa kubwera. Sindinawachenjerere ayi. Ankadziwa kuti tiyenera kuwoloka, mwinanso ankadziwa kuti mwana wawo sabwera. Koma ife tonse, ababa, ine, ngakhale mwera, tinkafuna kuwadula tsiku limodzi n'kukawazika pena kuti amere. Iwo ankafuna kuzolowera kupita akadali pakhomo pawo, ndipo masiku omwe ankathirira nthambi ija mobisa, ine ndili gone ndi malungo, ndi omwe ankatsanzika. Chomwe ndinachita chanzeru m'dzinja lonse lija ndi chimodzi chokha, ndipo ndinachichita mosadziwa: ndinawapatsa mpeni.

Pakhomo panga pano pali jasimi, mdzukulu wa uja wa ku Msumba. Akadali wovuta chimodzimodzi. Ndimamutchera madzi a mvula m'migolo, ndimakalipira adzukulu akataya phulusa pafupi, ndipo pena ndimamutukwanabe. Anansi akakopeka ndi fungo amabwera kudzapempha kanthambi. Sindiwadulira. Ndimaweramitsa nthambi, kukwirira, kusanjika mwala, n'kuwauza kuti adzabwere mvula ikatha. Ena amanyinyirika kuti ndine woumira, ndipo sabweranso. Amene amabwera amapeza mizu ili tayale, chitini ndawakonzera kale. Ambiri mwa chisangalalo amatambasula dzanja kuti adule okha, koma mpeni sindipatsa munthu. Chitsambacho ndi changa, ndipo ndimayamba ndaima kaye pang'ono ndisanadule.